Miyala ya msewu wa ku Nyika yandiwonongera mawindo a kalavani, ndithandizeni nzeru

Chilembwe77
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi vuto ndipo mtima ukundiwawa. Chaka chatha ndinagula kalavani yaing'ono, ngolo yogonamo ija yokoka ndi galimoto, kwa bambo wina amene amabwerera kwawo atamaliza ntchito kuno. Ndi yakale koma ankaisamala. Sabata yathayi ana ali pa holide ndinatenga banja lonse kupita ku Nyika. Kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Rumphi zonse zinali bwino. Mavuto anayamba titalowa msewu wafumbi, kudutsa ku Bolero, kufika pa geti la Thazima, kenaka kukwera mpaka ku Chelinda. Malo ena miyala inali mbwee pamsewu, ndipo matayala akumbuyo a galimoto ankaitola n'kumaiponyera ngolo. Ndinkamva ndithu kuti kho! kho! koma ndinkati ikumenya chitsulo cha kunsi.

Titafika ndinapeza windo lakutsogolo lachita mbuu ngati munthu walikwecha ndi mchenga. Timabowo ting'onoting'ono ndi tosawerengeka, titatu ndi takuya moti chikhadabo chimakodwamo, ndiye pali mng'alu umodzi wotalika ngati chala cha mkombaphala, woyambira pakona pafupi ndi chotsekera. Windo la m'mbali lili ndi mizere yaitali chifukwa mwana wanga wamkulu, pofuna kundithandiza, analipukuta fumbi ndi chitenje chouma. Mawindowa si agalasi ayi, ndi apulasitiki olimba aja amati Perspex, ophatikiza awiri okhala ndi mpweya pakati.

Kodi zimenezi zimakonzeka? Kapena ndingoyamba kusunga ndalama zoitanitsira latsopano ku Joni? Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, ndikufuna ndiyambe ndayesa kaye.

Kabaza_Wa_Area25
Kolgeti bwana. Pakani kolgeti woyera uja, tikitani ndi kansalu, mutsuke. Ine nyale za galimoto ya abwana anga ndimakonza choncho.

Gogo_Sipanala
Kolgeti pa mng'alu? Mwana wanga, werenganso zimene alemba bambowa. Mankhwala a m'mano angathandize pa mizere yopyapyala ya chitenje ija basi. Bowo la mwala salimva.

Kabaza_Wa_Area25
Ine ndanena zimene ndinaona ndi maso anga, agogo. Nyale zinayera.

Wa_Zikwangwani_Limbe
Achimwene a Chilembwe77, pepani ndi zimene zachitika. Ine ntchito yanga ndi yolemba ndi kudula zikwangwani za mashopu, ndipo Perspex ndakhala ndikumugwira zaka zoposa khumi ndi zisanu. Chinthu choyamba, musanagule chilichonse: pa windo limenelo muli ndi matenda atatu osiyana, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala ake. Mukawasakaniza muwononga windo lomwe likanachira.

Oyamba ndi mizere ya pamwamba ndi mbuu uja. Yendetsani chikhadabo. Chikapanda kukodwa, polishi yekha athana nazo. Achiwiri ndi timabowo takuya. Amenewo ndi a sandipepa, kapena ongowadzaza, kapena ongowasiya, ndifotokoza. Achitatu ndi mng'alu, ndipo ndi umene ndikufuna muyambe nawo lero lomwe. Mng'alu pa Perspex umayenda. Ngolo ikamagwedezeka, kapena dzuwa likatentha masana n'kuzizira usiku, umatalika pang'onopang'ono mpaka kudutsa windo lonse. Mukayamba kutikita ndi kukanikiza mng'alu usanaimitsidwe, inu nomwe ndi amene muuthamangitse.

Kuuimitsa kwake ndi kuboola kabowo kumapeto kwenikweni kwa mng'aluwo. Tengani tochi, unikirani cham'mbali usiku, muone pamene wathera, chifukwa nthawi zambiri umapitirira pamene maso amaona masana. Kachitsulo koboolera ka mamilimita 2 kapena 3 n'kokwanira. Kasakhale katsopano kakuthwa kwambiri, kotero kamaluma pulasitiki n'kumung'ambanso. Ine ndimayamba ndakakhula pang'ono pa simenti kuti kabunthe. Dirilo iyende pang'onopang'ono, osakanikiza. Ndipo poti mawindo anu ndi awiri ophatikiza, kulungani tepi pa kachitsuloko kuti kangolowa mamilimita ochepa, mungaboole ndi la m'kati lomwe.

Chilembwe77
Zikomo kwambiri achimwene. Koma kunena zoona kuboola windo langa ndi dzanja langa kukundiopsa. Kodi supaguluu sangagwire mng'aluwo osaboola?

Wa_Zikwangwani_Limbe
Supaguluu ayi, chonde. Akamauma amatulutsa nthunzi imene imasiya chifunga choyera kuzungulira pamene mwapakapo, ndipo nthunziyo ikalowa pakati pa mawindo awiriwo simudzaichotsanso. Komanso sagwira mng'alu kuti usayende. Ngati dzanja likunjenjemera, pitani kwa aliyense wodula zikwangwani kumeneko ku Lilongwe, mupemphe tizidutswa totsala, muyeserepo kuboola kasanu kapena kakhumi. Mudzamva m'dzanja mmene amamvekera akamalola.

Make_Tadala
Ine ndikungofuna kumunenera mwanayo. Bambo, musamukalipire. Anaona fumbi, anafuna kuthandiza. Akuluakulu ambiri sadziwanso kuti pulasitiki ameneyu sapukutidwa pouma. Ine ndinawononga chotchingira mphepo cha njinga yamoto ya amuna anga mwanjira yomweyo, ndi nsanza yoyera bwinobwino.

Chilembwe77
Ayi mayi, sindinamukalipire. Anali atayamba kale kulira yekha ataona mizere padzuwa. Ndamuuza kuti tikonza limodzi.

WaKuBenoni
Abale ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Ine ndili kuno ku Joni, ndimagwira pa galaja yokonza makalavani, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ikatha holide ya Disembala ndi ya Isitala timalandira ngolo zambiri zochokera ku Namibia, ku Botswana, ndi kumsewu uja wa R355 wa pakati pa Ceres ndi Calvinia, ndipo matenda ake ndi omwewa. Zimene anena a ku Limbe ndi zoona zonse. Ndingowonjezera za sandipepa, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalira.

Yambani ndi kutsuka. Madzi ambiri, othira osati opukuta, kuti mchenga utsike wokha. Kenaka madzi a sopo wotsukira mbale, madontho ochepa chabe, ndi kansalu kofewa ka microfibre. Perspex akatikitidwa amakoka fumbi ngati mmene chipeso chimakokera tizipepala, ndiye fumbi la ku Rumphi lija likakhala pa nsalu limasanduka sandipepa.

Mukatsuka, yesani polishi kaye musanakhudze sandipepa. Ife timagwiritsa Novus, amene ali ndi mabotolo atatu: nambala 3 wa mizere yakuya, nambala 2 wa yopyapyala, nambala 1 wotsukira ndi kuwalitsa. PlastX wa Meguiar's nayenso amagwira. Mudzadabwa kuti mbuu wambiri uja achoka ndi polishi yekha. Zotsalazo ndiye za sandipepa wam'madzi. Muviike mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Yambani ndi wosalala kwambiri amene angathe ntchitoyo, mwina wa nambala 1500 (nambala ikamakula, sandipepa amakhala wosalala kwambiri). Akakanika ndiye tsikirani ku 1000 kapena 800, koma osapyola pamenepo. Kenaka kwerani makwerero onse: 1200, 1500, 2000, 2500, 3000. Osadumpha. Mukachoka pa 800 n'kulumphira pa 2000, mizere ya 800 idzakhalabe pansi ndipo mudzaiona tsiku limene dzuwa lidzawombe cham'mbali.

Sandipepa aliyense aziyenda njira imodzi, wotsatira adutse mopingasa. Wina chotsika, wina chopingasa. Mukatero mumaona ndi maso kuti mizere ya woyamba yatha. Mukulunge pa kasiponji kolimba pang'ono, osati pa chala, chifukwa chala chimakumba dzenje. Ndipo pa sitepe iliyonse kulitsani malo pang'ono, kuti pasakhale malire ooneka.

Musachite mantha windo likayera ngati mkaka pakati pa ntchito. Limatero. Polishi ndi amene amabwezeretsa kuwala.

Mlonda_wa_Nyanja
Funso langa ndi lakuti, munthu umatengeranji kalavani ku Nyika? Msewu umene uja ngakhale Land Cruiser imafika itatopa. Bwenzi mutapita ku Senga Bay kapena ku Chintheche, tara yekhayekha.

Chilembwe77
Kunyanja tapitako kambiri akulu. Ana anga anabadwira m'Malawi muno koma anali asanaonepo mbidzi kapena chilembwe ndi maso, ankangoziona m'mabuku a kusukulu. Mmawa wina ku Chelinda tinadzuka udzu uli mbee ndi chisanu, ntchefu zikudya chapafupi ndi pamene tinagona. Mwana wanga wamng'ono anangoti chete, kugwira dzanja langa. Windo likundipweteka, koma ulendowo sindikudandaula nawo.

Make_Tadala
Mwachita bwino bambo. Malo amenewa ndi athu, si a alendo okha. Paki yaikulu kuposa zonse m'dziko muno koma Amalawi ambiri tidzafa tisanaipondeko.

Mlonda_wa_Nyanja
Sindikukana zimenezo mayi. Ndikunena za msewu. Makilomita opitirira 100 kuchoka pa Rumphi, ndipo mbali yaikulu ndi fumbi ndi miyala. Anthu a ku Bolero ndi ku Hewe amavutika nawo tsiku ndi tsiku, osati pa holide pokha. Nthawi ya dzinja odwala amafika bwanji ku chipatala cha boma ku Rumphi? Fodya amatuluka bwanji?

Nyachirwa_wa_ku_Hewe
Apa mwanena zoona. Kwathu ndi komweko. Mvula ikagwa mtengo wa matola umakwera chifukwa madalaivala amaopa kuwononga magalimoto. Ife windo la kalavani sitilidziwa, timadziwa masipuling'i othyoka. Koma a Chilembwe77 bwerani ndithu, mukamadutsa muzigula nthochi ndi uchi pamsewu, ndalamayo imatsala kwathu.

Gogo_Sipanala
Zamsewu tazimva ndipo n'zomvetsa chisoni, koma bambowa windo lawo likadali long'ambika. Tibwerere.

Ine ndili ndi mawu amodzi pa zimene wanena wa ku Benoni. Makina opukutira. Anyamata a masiku ano chilichonse amathamangira makina. Perspex safuna kutentha. Akafika pa kutentha kwa madzi owira amayamba kufewa, ndipo makina othamanga amafikitsa pamenepo m'kamphindi, pamalo amodzi. Ndinaonapo mnyamata wina pa galaja yathu akupukuta windo la boti ndi girainda atamangirira nsalu. Linachita makwinya ngati chikopa cha ng'ona, kutaya kunali komweko. Gwiritsani manja. Zitenga tsiku lonse, koma windo mukhala nalo.

WaKuBenoni
Agogo, pamenepo ndikutsutsani pang'ono mwaulemu. Girainda ayi, ndikuvomera, imathamanga mopyola muyeso. Koma makina enieni opukutira, oikidwa pa liwiro lotsikitsitsa, ndi siponji yofewa, osaima pamalo amodzi, amagwira bwino kuposa manja. Windo lakutsogolo la kalavani ndi lalikulu. Ndi manja munthu amatopa, akatopa amayamba kukanikiza mbali imodzi. Ife timaika kumbuyo kwa dzanja pa windo pafupipafupi. Likafunda, timasiya lizizire.

Gogo_Sipanala
Iweyo uli ndi makina ake ndipo wazolowera. Bambowa akuyamba kumene, ndipo windo ali nalo limodzi. Ophunzira amaphunzirira pa zotayika.

WaKuBenoni
Pamenepo ndagonja agogo. A Chilembwe77, manja.

Dzungu_la_ku_Leeds
Moni kuchokera kuno kozizira. Ife tili ndi kalavani imene timapita nayo ku Wales nthawi yotentha. Kuno miyala si vuto kwenikweni, vuto ndi mipanda ya mitengo m'tinjira topapatiza, imakanda mawindo a m'mbali. Ndikufuna ndikuchenjezeni za chinthu chimene chinandichitikira ine. Nditamata tepi pa windo, guluu wake anatsalira, ndiye ndinatenga spiriti wofiirira uja n'kupukutira. Tsiku lomwelo panalibe kanthu. Patapita masiku angapo ndinaona timing'alu tambirimbiri ngati ukonde wa kangaude, kuzungulira pakona pamene windo linakhotetsedwa. Timeneto sitili pamwamba ayi, tili m'kati mwa pulasitiki, ndipo palibe sandipepa kapena polishi amene angatichotse. Ndinagula windo lina.

Ndiye spiriti ayi, thina ayi, petulo ayi, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo ayi, ngakhale mankhwala opopera otsukira magalasi a m'nyumba, ambiri ali ndi ammonia kapena spiriti. Sopo ndi madzi basi. Ngakhale cholembera cha maka musalembere pa windo pofuna kuzunguliza mabowo, inki yake ili ndi spiriti. Matani katepi ka pepala kumbali ya m'kati, kakusonyezeni pamene pali bowo.

Chilembwe77
Mayo ine. Dzulo ndinatsala pang'ono kutenga thina kuti ndichotse phula limene linamatirira m'munsi mwa windo. Botolo ndinaligwira kale m'manja, magetsi anangozima ndiye ndinati ndipanga mawa.

Dzungu_la_ku_Leeds
Libwezeni pa shelefu botololo achimwene. Phula lifewetseni ndi mafuta ophikira pang'ono pa kansalu, mudikire, kenaka sopo.

Kabaza_Wa_Area25
Nanga Brasso? Asilikali amawalitsira mabatani, ena amati amagwiranso pa pulasitiki.

Wa_Zikwangwani_Limbe
Brasso anthu amagwiritsa ndithu, ine ndinawalitsirapo m'mphepete mwa zilembo zodula. Koma ali ndi ammonia ndi mafuta osungunula, ndiye pa chidutswa chafulati chatsopano ndimalolera, pa windo lakale lokhotetsedwa ndi moto, lokhalanso ndi mng'alu, sindingayerekeze. Zimene anena a ku Leeds zimachitika pamene pulasitiki ali womangika m'kati, ndipo windo la kalavani ndi lomangika paliponse pamene analipinda.

Ndibwerere ku timabowo titatu takuya tija, ndinalonjeza. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, achimwene. Sandipepa sadzaza bowo. Amadya pulasitiki yense wozungulira mpaka afanane ndi pansi pa bowolo. Windo lakunja nthawi zambiri limakhala lochindikala mamilimita atatu kapena kuchepera, ndipo pamene analikoka polipinda ndi popyapyala kuposa apo. Bowo likakhala lakuya theka la milimita, kuti lithe muyenera kudya theka la milimita pamalo aakulu ngati chikhatho. Mukatero windo lafooka, komanso pamalopo pamasanduka ngati galasi la m'maso: mukayang'ana panja mtengo ukuoneka wokhota. Kabowo kakang'ono maso amakazolowera. Malo okhotetsa zinthu maso sawazolowera.

Ndiye ine ndikanakhala inu, timabowo takuyato ndikanangosalaza m'milomo mwake kuti tisagwire fumbi, kenaka kudonthezamo guluu wake wa Perspex ndi nsonga ya singano. Alipo wotchedwa Acrifix 192, amene amauma ndi kuwala, ndi Tensol 70 wosakaniza ziwiri. Amenewa ndi acrylic, pulasitiki yemweyo wa Perspex, koma wamadzimadzi, akauma amakhala thupi limodzi ndi windo. Mudontheze mopitirira pang'ono chifukwa amanyala akamauma, mudikire tsiku lathunthu kapena awiri, ndiye musalaze ndi 2000 ndi 3000. Sipasowa kwathunthu, padzaoneka ngati kadontho ka madzi, koma mbee uja achoka.

Pa mng'alu, mukaboola, pamafunika guluu wamadzi kwambiri amene amayenda yekha m'mng'alumo, monga Weld-On 4. Amasungunula mbali ziwirizo n'kuzilumikiza. Koma samalani kawiri. Dontho likagwera pena, pamenepo pachita chipsera, ndiye tchingani ndi tepi mbali zonse. Ndipo fungo lake ndi loipa m'mapapo, gwirirani panja, ana atalikire. Kabowo koboola kaja mukatseke ndi guluu wokhuthala uja kuti madzi asalowe.

Tcheya_wa_Minibasi
Bwanji osapita kwa anyamata okonza mawindisikirini? Amathira mankhwala pa bowo la mwala, kuunikira ndi kanyale, mphindi makumi awiri zatha. Ine anandikonzera ya minibasi, mpaka lero ili bwino.

WaKuBenoni
A Tcheya, yanuyo ndi galasi, magalasi awiri okhala ndi pulasitiki wofewa pakati. Mankhwala awo anapangira galasi, ndipo kachipangizo kawo kamakanikiza ndi kukoka mpweya. Pa Perspex wopyapyala wokhala ndi mpweya kumbuyo, kukanikiza kumeneko kungathe kutsegula mng'alu wina. Ndinaonapo wina atadontheza mankhwalawo pa kabowo popanda kachipangizo ndipo zinaoneka bwino, koma ndinaonanso pena patachita timing'alu. Ngati palibiretu china, ayese kaye pakona pobisika ndi mphira, adikire sabata.

Tcheya_wa_Minibasi
Chabwino, ndaphunzirapo. Ine ndimayesa zonse zoonekera ndi chimodzimodzi.

Wa_Zikwangwani_Limbe
Si inu nokha. Ngakhale mapulasitiki oonekera ali pawiri. Nyale za galimoto zimene amanena a Kabaza ndi polycarbonate, wolimba kusweka koma wofewa kukandika, ndipo amamukuta ndi kachikopa koteteza ku dzuwa. Chikasu chija pa nyale ndi kachikopako katapsa. Perspex ndi wina, dzina lake lenileni ndi PMMA, anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1930, ku Germany akumutcha Plexiglas, ku Britain Perspex, ndipo pa nkhondo yachiwiri ndi amene ankatchingira oyendetsa ndege zankhondo. Ubwino wake ndi woti sachita chikasu msanga, kulemera kwake sikufika theka la galasi, ndipo amalola kupukutidwa mpaka kuwala ngati watsopano. Kuipa kwake ndi komwe mwakuonaku, mwala ukamumenya amabenthuka. A Chilembwe77, yang'anani pakona pa windo, pamakhala tizilembo ndi manambala. Muwajambule, mudzawafuna ngati zokonzazi zikanika, chifukwa poitanitsa latsopano amafunsa zimenezo pamodzi ndi muyeso.

Chilembwe77
Ndayang'ana, tizilembo tilipo, ndajambula. Ndaonanso china. Pakati pa mawindo awiriwo pali nthunzi m'munsi, mmawa imachuluka. Kodi madzi alowera pa mng'alu?

Dzungu_la_ku_Leeds
Mwina, koma musadandaule msanga. Kuno zimachitika ngakhale pa windo labwinobwino, chifukwa acrylic amalola chinyezi pang'ono kudutsa. Yang'anani kumbali ya m'kati, mawindo ambiri ali ndi tizitsekero tiwiri tapulasitiki tating'ono ngati mutu wa machesi. Tsiku la dzuwa tizuleni mosamala, windo likhale padzuwa maola angapo, nthunzi ituluka, ndiye mubwezere. Musatitaye, timasowa msanga.

WaKuBenoni
Ndipo muumitse musanamate mng'alu, mungatsekere madzi m'kati. Chinanso, Lilongwe ili pa mamita 1,000 ndi pang'ono, Chelinda ili pamwamba kupitirira mamita 2,000. Mukamakwera, mpweya wa pakati pa mawindo umafufuma ndipo windo limatupa pang'ono. Liri lotupa choncho, kuzizira kwa kumeneko, ndiye mwala ulimenye pafupi ndi chotsekera pamene pali kale mabowo a zomangira. Sindikudabwa kuti mng'alu unayambira pamenepo. Muonenso ngati zomangira za chotsekeracho sizinamangidwe mopyola, mumasule pang'ono.

Nyachirwa_wa_ku_Hewe
Ine za guluu sindidziwa, koma madalaivala a kwathu amamangirira makatoni kapena matumba a feteleza pa galasi lakumbuyo akamakoka ngolo. Si zokongola koma zimagwira.

Gogo_Sipanala
Mayiwa anena chinthu chimene tonse tinayenera kuyambira. Mukakonza, ulendo wotsatira mudzatani? Ikani mphira zazikulu zotchinga kumbuyo kwa matayala a galimoto, zotsika pafupi ndi pansi koma zosakhudza, chifukwa zikamakwekwereza nazonso zimadzutsa miyala. Lamba wakale wa pa chigayo kapena wa fakitale amagwira bwino ntchito imeneyi. Pa windo, kabulangete kofewa pansi, katoni kapena kamatiresi kopyapyala pamwamba, kumanga zolimba. Katoni yokha pa Perspex ayi, fumbi likalowa pansi pake n'kumagwedezeka makilomita 100, mudzapeza mbuu woposa wa lero. Ndipo phazi lichoke pa moto. Mwala woponyedwa pa liwiro la 40 ndi wa pa 80 si umodzi.

WaKuBenoni
Kuno ena amamanga ukonde pakati pa galimoto ndi ngolo, kunsi, kuti miyala igwere pansi. Amene amaika chotchinga choimirira kutsogolo kwa ngolo amachipendeketsa kuyang'ana pansi, chifukwa chikaima chilili mwala umanjanja n'kubwerera kudzaswa galasi lakumbuyo la galimoto. Tinalandirapo ambiri otero. A Chilembwe77, mlamu wanga akubwera pa basi kumapeto kwa mwezi, atsikira ku Lilongwe. Ngati mukufuna Novus ndi kachubu ka Acrifix ndikhoza kumupatsira, mudzandibwezera zimene ndagulira. Sandipepa wa 2500 ndi 3000 funsani m'mashopu ogulitsa penti wa magalimoto, kumeneko amapezeka kusiyana ndi m'mahadiweya wamba.

Chilembwe77
Achimwene, Mulungu akudalitseni. Ndakulemberani kumbali.

Chilembwe77
Abale ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Kuboola ndinaboola tsiku lotsatira lomwe. Ndinapita kwa wodula zikwangwani wina ku Malangalanga, anandipatsa tizidutswa, ndinayeserapo kasanu ndi kawiri. Kawiri koyamba kanang'ambika chifukwa ndinakanikiza. Pa windo lenileni ndinaunikira ndi tochi monga munanenera, ndipo mng'alu unalidi utapitirira ndi theka la chikhadabo kuposa pamene ndinkaona masana. Kuyambira tsiku limenelo sunayendenso.

Katundu atafika, Loweruka tinachotsa windo n'kuligoneka pa bulangete pakhonde. Windo la m'mbali ndinamupatsa mwana wanga uja, ndi Novus nambala 2 yekha. Anatikita mpaka thukuta, mizere yake yonse inatha, ndipo anaitana amayi ake kuti adzaone nkhope yawo. Lakutsogolo linatitengera masiku awiri. Mbuu wachoka pafupifupi yense. Timabowo tiwiri tadzadzika bwino. Kachitatu ndinafulumira, munalowa kathovu ka mpweya, ndipo kakuoneka. Pamalo amodzi m'munsi ndinadumpha 1200 chifukwa anandithera, ndipo madzulo dzuwa likapendeka mizere ikuoneka monga ananenera a ku Benoni. Mng'alu ukuonekabe ngati ulusi woyera koma madzi sakulowa, ndathira ndi paipi kuyesa.

Wa_Zikwangwani_Limbe
Mwagwira ntchito achimwene. Kathovuko kasiyeni, mukakatokosa mukulitsa bowo. Pa mizerepo bwererani pa 1200 mukamupeza, ndiye mukwerenso makwerero, osayambira pa 800. Ndipo dikirani sabata ina guluu alimbe bwino musanatikite pafupi ndi mng'alu.

Kabaza_Wa_Area25
Wa 1200 ndili naye mapepala awiri otsala, ndinagulira nyale. Mukadutsa ku 25 mundiimbire, ndikupatsani.

Chilembwe77
Ndidutsa Lachisanu ndikaweruka. A Gogo_Sipanala, lamba wa chigayo ndamupeza kwa msuweni wanga ku Mitundu, koma ndi wa mainchesi sikisi okha m'lifupi. Ndilumikize awiri, kapena ndifune wina wotambalala?

Gogo_Sipanala
Funani wotambalala, wophimba tayala lonse ndi kupitirira pang'ono mbali zonse. Olumikiza amatseguka pakati ndipo mwala umadutsa pomwepo. Mukamupeza munditumizire chithunzi cha kunsi kwa galimoto, ndikuonetseni pomangira.